Graeme Smith: anali opener weniweni kapena timu inkangomunyamula?

Mdala wa ku Rosettenville: Anthuni ndabwera ndi nkhani yakale koma yandivuta mumtima. ICC, bungwe la kiriketi la dziko lonse, inamulowetsa Graeme Smith, kaputeni wakale wa South Africa, mu Hall of Fame 2025 limodzi ndi Amla, Dhoni, Hayden ndi ena aja, ndiye ndikuona kulikonse anthu akungoti kaputeni wamkulu, kaputeni wamkulu, palibe amene akukamba za kumenya kwake. Munthuyu anamenya ma run 9265 mu ma Test (ma gemu a masiku asanu) 117, ma century 27, average 48, ndipo ambiri mwa ma run amenewo anawapeza akutsegula, pa mpira watsopano. Ine ndikuti ukaputeni unamubisa, akanakhala wosewera wamba bwenzi lero tikumutchula pamodzi ndi Gavaskar ndi Cook popanda wotsutsa. Amene ali ndi mfundo abwere

Yamikani LL: kkkkk mdala mwayambapo m'mawa uno

Bambo a Tadala: Mdala ulemu wanu koma apa mwanama. Smith ankagwira bati ngati munthu akuwaza nkhuni, chilichonse ku leg side, mpira uli kunja kwa off stump iye kuukokera ku midwicket basi. Cover drive yake munaionapo inu? Ine sindikuikumbukira. Mukamuika mzere umodzi ndi Gavaskar mukuchimwa

Mdala wa ku Rosettenville: Bambo a Tadala pa scoreboard samalemba kuti run iyi inali yokongola

Thoko_BT: pepani akuluakulu ine ndalowa mu gulu muno chifukwa mwana wanga wayamba kusewera ku sukulu, kiriketi ndikungoiphunzira kumene. opener ndi chani kwenikweni, mesa aliyense amamenya nthawi yake ikakwana? nanga kuyamba kuli ndi vuto lanji

Mphatso Leeds: Mwafunsa bwino asisi. Timu ikamamenya amalowa awiriawiri, ndiye awiri oyambirirawo ndi ma opener. Vuto lake ndi mpira. Mu Test mpira umayamba uli watsopano, wolimba, wonyezimira mbali zonse, msoko wake uli chiimire, ndiye ukauponya umakhota mumlengalenga komanso ukagunda pansi pa msokopo umatha kupatuka kupita uku kapena uku mosadziwika. Oponya othamanga kwambiri amakhalanso asanatope, ndipo palibe amene akudziwa kuti pitch ikuchita bwanji tsikulo, opener ndi amene amakaizindikira ndi thupi lake. Akapirira ma over 20 kapena 25 mpira umafewa, ofika pambuyo aja nambala 4 nambala 5 amapeza zinthu zaphweka. Ndiye palinso china, timu yanu ikakhala kuti yatha tsiku lonse ndi theka ili padzuwa ku fielding, opener amangopatsidwa mphindi 10 kuti avale ma pad alowe, anzake akupuma mapazi ali m'mwamba. Smith anali kuchita zimenezo ali kaputeninso, kutanthauza kuti tsiku lonse mutu wakhala ukugwira ntchito, uyu aponye, uyu aime apa, kenako mphindi 10 akumane ndi Brett Lee

Thoko_BT: eeh ndiye ndi ntchito yachibalotu. zikomo achimwene

Bambo a Tadala: Zonsezo nzoona koma Cook ankachitanso zomwezo ndipo anafika 12472

Mdala wa ku Rosettenville: Cook anasewera ma Test 161, England imasewera ma Test ambiri pa chaka kuposa wina aliyense. Onani average, ya Smith ili pamwamba pa ya Cook. Ndiye musaiwale kuti theka la ma gemu ake Smith ankasewera kuno ku South Africa, Wanderers, Centurion, Newlands, Kingsmead, malo oti opener aliyense amadana nawo. Nchifukwa chake average yake ya kunyumba ikungodutsa 40 pang'ono pomwe ya kunja yadutsa 50. Anthu ambiri zimakhala mosemphana, amadya bwino kwawo kunja nkumavutika

Ankolo Phiri Byo: Ndilowererepo ana anga. Ine ndinayamba kumuona mnyamatayu mu 2002 pomwe analowa mu timu pa gemu ya Australia ku Newlands, anamenya 68 mu innings yachiwiri, nthawi imeneyo Australia inali ndi McGrath, Warne, Gillespie, Lee. Atatha ma gemu amenewo anakauza atolankhani mawu onse otukwana amene Hayden ndi anzake ankamunena pa pitch, zomwe osewera sankachita, amati za pabwalo zimathera pabwalo. Ndinangoti mwana uyu ali ndi mwano ndipo mwano wakewo umufikitsa patali kapena umugwetsa msanga. Chaka chotsatira World Cup ya 2003 sanasankhidwe nkomwe poyamba, analowa chifukwa Jonty Rhodes anathyoka dzanja. South Africa inatuluka pakhomo pawo pomwe ku Durban ndi Sri Lanka, anawerenga molakwika pepala la Duckworth Lewis lowerengera ma run mvula ikasokoneza gemu, Boucher nkutchinga mpira womaliza poganiza kuti awina kale pomwe inali tie. Pollock anachotsedwa ukaputeni, nkupatsa mwana wa zaka 22 amene anali atangosewera ma Test 8. Mu timu muli Kirsten, Kallis, Pollock mwini wake, Boucher, Gibbs, anthu oti ena anayamba kusewerera dziko iye ali ku sukulu ku KES, King Edward VII ya ku Johannesburg. Taganizani kulowa mu dressing room kukawauza amenewo zochita

Yamikani LL: ankolo ndiye munali ndi DStv kale 2002? mabwana

Ankolo Phiri Byo: Tinkaonera ku kalabu ya kuntchito iwe, usandisokoneze

Mphatso Leeds: Pitirizani ankolo mufike pa England 2003, azungu kuno mpaka lero dzina lake akalimva amaseka mowawidwa

Ankolo Phiri Byo: Imeneyo fotokoza ndiwe uli komweko

Mphatso Leeds: Chabwino. Anafika kuno miyezi yochepa chipatsidwireni ukaputeni, manyuzi akumuderera kuti kamwana aka kakudziwa chani. Test yoyamba ku Edgbaston iye ndi Gibbs anamenya 338 asanasiyane, iye nkufika 277, imene inali record ya South Africa nthawi imeneyo, anadutsa 275 ya Cullinan ndi Kirsten. Innings yachiwiri 85. Gemu itangotha Nasser Hussain anatula pansi ukaputeni wa England. Test yachiwiri ku Lord's 259, kuphwanya 254 ya Bradman ya 1930 ngati score yaikulu ya mlendo pa bwalo limenelo, ndipo mpaka pano palibe mlendo waidutsa. Gemu yomweyo Ntini anatenga ma wiketi 10 nkugwada kupsompsona pitch. Series yonse Smith ma run 714. Ndiye 2008 anabweranso, Vaughan nkutula pansi akulira pa TV. 2012 anabweranso, Strauss nkupuma kiriketi yonse. Makaputeni atatu a England munthu mmodzi

Bambo a Tadala: Series ya 2003 yo inatha 2-2, musabise. Ndipo chaka chotsatira England itapita kwawo Hoggard anamupeza pobisala, mpira wolowa mkati, phazi lapita kale kutsogolo kwa stump, lbw (kutuluka chifukwa mwendo watchinga mpira wolunjika ma stump), kangapo konse. England inawina 2-1 ku South Africa komweko. Zaheer Khan ndiye osanena, Smith akangoona Zaheer akuyeza run up yake ankakhala ngati watuluka kale. Ndi zimene ndikunena ine, munthu wa technique yoona sangakhale ndi bowo loti dziko lonse likulidziwa zaka 12

Mdala wa ku Rosettenville: Dziko lonse linkalidziwa bowolo koma anamenyabe 9265, ndiye vuto lili kwa ndani? Hoggard mwamutchulayo, gemu ya ku Wanderers January 2005 ija anatenga ma wiketi 12, Smith anali atavulala mutu pa warm up madokotala atamuletsa kusewera, analowabe nambala 8 nkumenya 67 not out kuyesa kupulumutsa gemu, anzake ndi amene anatha

Nankhoma CPT: Moni nonse, ndangotsegula foni ndapeza ma message 40. Ine ndili mbali ya mdala pa nkhani ya kumenya, pa zina ndibwera nazo. Kwa ine nkhani ya Smith ndi innings yachinayi. Thoko mvetsera apa, innings yomaliza ya Test ndi pomwe pitch yang'ambika, pali mapazi a ma bowler pokumbika, mpira wina ukudumpha wina ukukwawa, ndipo ukudziwa nambala yeniyeni imene ukuithamangitsa. Akatswiri ambiri average yawo imagwa pamenepo. Smith ali ndi ma century anayi mu ma chase oti timu inawina. 125 not out ku Wellington 2004, 154 not out ku Edgbaston 2008, 108 ku Perth 2008, 101 not out kuno ku Newlands 2011. Ma run oposa 1000 mu ma chase owina okhaokha

Thoko_BT: not out ndiye kuti sanamutulutse mpaka gemu kutha eti

Nankhoma CPT: Eya. Ya Edgbaston ija ndimaibwereza pa YouTube ndikakhumudwa kkkk. Ankafuna 281. Flintoff akuponya ma yorker kuchokera mbali imene mpira sunkaoneka bwino chifukwa cha mawindo akuda kumbuyo kwa sightscreen, McKenzie anatuluka osauona mpira, Kallis chimodzimodzi mpaka anakwiya poyera. 93 for 4. Panesar akuponya mu rough kunja kwa off stump ya munthu wamanzere, mpira ukutembenuka kwambiri. Smith ali pomwepo, chigongono chikumupweteka, akungokankhira ku leg side komwe Bambo a Tadala akudana nakoko. De Villiers anathandiza pang'ono nkutuluka pa 171, kenako Boucher analowa, awiriwo anapempha theka la ola lowonjezera madzulo a tsiku lachinayi kuti amalize tsiku lomwelo England isapume. Wachiwiri kwa iye pa ma run mu innings imeneyo anali Boucher ndi 45 basi. South Africa inali isanawine series ku England kuyambira 1965

Bambo a Tadala: Anali out kawiri pa innings imeneyo, wina anagunda glove wina anasiya mpira wa Panesar ukulunjika ma stump. Kukanakhala DRS, yoonanso chigamulo cha umpire pa TV, bwenzi tikukamba zina

Nankhoma CPT: kukanakhala kukanakhala. Kukanakhala DRS Warne bwenzi ali ndi ma wiketi 900

Yamikani LL: 😂😂 asiyeni bambowa apume

Yamikani LL: koma palibe watchula 438 imene South Africa inamenya mpaka pano? ine kiriketi ndinaikonda chifukwa cha gemu imeneyo. March 2006 Wanderers, Australia 434, Ponting 164, aliyense wati zatha, ndiye Smith 90 pa mipira 55 yokha, Gibbs 175, Ntini kukankha single ija, Boucher four. Smith ndi amene anayatsa moto Dippenaar atatuluka msanga

Mdala wa ku Rosettenville: Imeneyo ndi ODI, gemu ya tsiku limodzi, mphwanga, ndi yokoma koma ine ndikukamba za Test. Mu ODI anali wabwino chabe, 6989 mu ma gemu 197, ma century 10. Sindingamuikire kumbuyo kwambiri kumeneko

Bambo a Tadala: Bola mwavomera. Ndipo tikambe za World Cup poti mwaitchula. 2007 semi final ku St Lucia, kaputeni akutsika pitch kuthamangira Bracken mu over yachitatu, bowled, timu 27 for 5, onse 149. 2011 ku Dhaka quarter final, New Zealand yangomenya 221, South Africa ili 108 for 2, kenako onse 172. Ndiye chimene chinandinyansa ine, timu ikubwerera ku Johannesburg kukakumana ndi anthu okwiya, kaputeni sanakwere nawo ndege, anapita ku Ireland kwa chibwenzi. Mtsogoleri wanji ameneyo

Nankhoma CPT: Ijayi anapalamuladi, anadzapepesa pambuyo pake. Anthu kuno ankamukuwiza pa bwalo miyezi yotsatira

Ankolo Phiri Byo: Anali ndi zaka 30, atanyamula timu zaka 8, ndipo mtsikanayo anamukwatira chaka chomwecho. Sindikuti anachita bwino. Koma inu Bambo a Tadala mukufuna kuyeza munthu ndi ndege imene sanakwere, ine ndimuyeza ndi Sydney

Thoko_BT: ku Sydney kunachitika chani ankolo

Ankolo Phiri Byo: Mwana wanga khala pansi. December 2008 South Africa inapita ku Australia, dziko loti inali isanawineko series chiyambire, ndipo Australia inali isanaluze series pakhomo kuyambira 1993. Test yoyamba ku Perth anapatsidwa 414 kuti athamangitse, Smith 108, De Villiers 106 not out, Duminy pa gemu yake yoyamba 50 not out, anawina. Ku Melbourne Duminy 166, Steyn ma wiketi 10, Smith 62 ndi 75, anawinanso, series yatha. Ndiye Test yachitatu ku Sydney inalibe ntchito kwenikweni. Innings yoyamba Mitchell Johnson anamumenya mpira pa dzanja lamanzere, fupa kuthyoka, anamuika pulasitala. Dzanja linalo chigongono chinali chovulala kale mpaka anali atamubaya jakisoni wa magazi ake omwe pofuna kuchiza. Manja onse awiri palibe. Tsiku lomaliza anabwera ku bwalo opanda ngakhale zovala zosewerera poti palibe ankaganiza kuti angalowe. Ma wiketi akugwa, Steyn ndi Ntini akupirira, kenako Steyn watuluka, wa 9, kwatsala ma over 8 ndi mipira iwiri. A Australia ayamba kale kukumbatirana poganiza kuti gemu yatha. Kungoona munthu akutsika masitepe, wachotsa pulasitala, wavala malaya a Kallis ndi juzi ya Paul Harris yothimbirira ndi burger imene Harris anadya, nsapato anachita kumumangira Morkel poti zala sizinkagwira. Bwalo lonse la Sydney linaimirira kuomba m'manja, anthu omwe aja ankamutukwana 2005. Mpira uliwonse ukagunda bati ankachotsa dzanja msangamsanga nkhope itakwinyika. Anapirira mipira 17. Kutatsala mipira 10 kuti gemu ithe draw, Johnson anaponya wina unagunda mng'alu wa pitch nkulowa mkati, ma stump. Anamenya ma run atatu okha ndipo analuza gemuyo

Thoko_BT: ayi ndithu mpaka tsemwe. ndikamuonetsa mwana wanga akaweruka

Bambo a Tadala: Kulimba mtima sindinamukanire. Koma series anali atawina kale, kunali kuika dzanja pachiswe pa gemu yopanda phindu. Ndipo Steyn, Morkel, Philander, Ntini, Kallis, Amla, De Villiers, ndi timu imeneyo ngakhale Yamikani akanawina ma Test 53

Yamikani LL: ine ndikanawina 60 bambo

Mphatso Leeds: Timu imeneyo sanaipeze ili choncho. 2004 analuza ku Sri Lanka ndi ku India, 2005 ndi 2006 Australia inawakwapula uku ndi uku, anthu ankafuna achotsedwe. Steyn, De Villiers ndi Amla onse analowa 2004 ali ana, Amla anachotsedwapo anthu akuti bati yake imachokera kokhota. Inamangidwa pansi pa iye ndi kochi Mickey Arthur, kenako kochi Kirsten. Kuchokera pomwe analuza ku Sri Lanka 2006 sanaluzenso series ya kunja mpaka iye kupuma. Ku The Oval 2012, Test yake ya 100, anamenya 131, Amla 311 not out, Kallis 182 not out, 637 for 2, ndipo kumapeto kwa series anatenga ndodo imene imaperekedwa kwa timu ya nambala 1 mu Test pa Lord's. Ndipo mfundo imene mdala anaiwala, pa ma century ake 27 palibe ngakhale imodzi imene South Africa inaluza gemu

Mdala wa ku Rosettenville: Sindinaiwale ndimasungira kumapeto kkkk. Onjezani 415 ndi McKenzie ku Chittagong 2008, record ya dziko lonse ya ma opener, inaphwanya 413 ya Mankad ndi Roy imene inakhala kuyambira 1956

Bambo a Tadala: Bangladesh ya 2008 mdala, chonde

Mdala wa ku Rosettenville: Ma opener ena onse anasewera nayonso Bangladesh yomweyo bwanji sanamenye 415

Nankhoma CPT: Chabwino tsopano ndibwere ndi zanga zija, poti tikungoyamika. Ine monga munthu wakuda wokhala kuno sindingakambe za Smith osatchula Tsolekile. 2012 Boucher, wicketkeeper wogwira mpira kumbuyo kwa ma stump, anavulala diso ku Taunton, bail (kamtengo ka pamwamba pa ma stump) inamulasa, ntchito yake kuthera pomwepo. Thami Tsolekile anali atapatsidwa contract ngati wodzalowa m'malo mwake, anamuitanitsa ku England, koma ma glove anapatsa De Villiers, Tsolekile nkumangonyamula madzi ku England ndi ku Australia konse osasewera. Ndiye 2020 Ntini anadzanena pa TV kuti zaka zonse zija ankakhala yekhayekha mu timu, anzake akupangana zokadya madzulo iye osamuitana, mpaka ankakonda kuthamanga wapansi kupita ku bwalo kusiyana ndi kukwera basi ya timu. Kaputeni nthawi yambiri imeneyo anali ndani? Munthu amene anaima naye ku Sydney uja

Mdala wa ku Rosettenville: Achemwali nkhani imeneyo inapita ku SJN, kafukufuku wa tsankho mu kiriketi amene anatsogolera a Ntsebeza 2021, kenako ku arbitration, ndipo April 2022 anamupeza Smith wosalakwa pa milandu yonse, ya Tsolekile ndi ya kulemba ntchito Boucher ngati kochi mmalo mwa Enoch Nkwe. CSA, bungwe la kiriketi la South Africa, inauzidwa kulipira ndalama zimene anawononga pa mlandu

Nankhoma CPT: Ndikudziwa mdala, ndipo sindikunena kuti ndi watsankho, oweruza anaona umboni ine sindinauone. Chifukwa cha kiriketi chinalipo, De Villiers akagwira ma glove timu inkatha kuika womenya wachisanu ndi chiwiri, ndipo anawina nazo. Koma kusapezeka wolakwa pa mlandu ndi china, kuona kuti mnzako akudya yekha ndi china. Iye mwini anati sankadziwa kuti Ntini akumva choncho. Ine pamenepo ndi pomwe pamandivuta, zaka zonsezo osadziwa? Amene timagwira ntchito m'makhitchini ndi m'ma garden a kuno tikudziwa mmene zimakhalira, bwana wabwinobwino woti sanakunyozepo koma sanayambe wafunsapo kuti umagona kuti

Ankolo Phiri Byo: Apa mwana wanga walankhula. Ku Zimbabwe kuno tinaziona nthawi ya osewera akuda Olonga ndi Taibu, nkhani zake zinali zovuta mbali zonse ndipo mpaka lero anthu sagwirizana. Ndingoti Smith anapatsidwa timu ali mwana, wochokera sukulu ya anthu opeza bwino, dziko litangotuluka mu tsankho zaka 9 zokha. Zina sakanaziona pa msinkhu umenewo. Koma pofika 2012 anali wamkulu

Bambo a Tadala: Tsolekile yemweyo anadzaletsedwa zaka 12 pa nkhani yogulitsa ma gemu 2016, tisamupange mngelo

Nankhoma CPT: Zimenezo zinachitika patapita zaka, sizikufufuta za 2012. Nkhani ziwiri zosiyana bambo

Admin Chiko: Tiyeni tizilemekezana, nkhaniyi ndi yololedwa koma isafike potukwanizana ngati ija ya ma quota mwezi watha. Pitirizani

Yamikani LL: ine funso langa ndi loti anapumiranji msanga? zaka 33 zokha, Anderson wa England anasewera ma Test mpaka 41

Mphatso Leeds: Anayamba msanga aise, zaka 11 ali kaputeni, ma Test 109 akutsogolera, palibe wina anafikapo 100 kupatula iye, Border anathera pa 93. Thupi linali litatha, akakolo anachitidwa opaleshoni 2013 mpaka anasiya season ya Surrey pakati. Anabwerako nkumenya 234 ku Dubai ndi Pakistan, koma series yomaliza ndi Australia 2014 Johnson anali pa moto uja anawotcha nawo England, Smith anapeza ma run 45 mu ma innings 6. Analengeza pakati pa Test ya ku Newlands, bwalo lomwe anayambira. Analinso ndi ana aang'ono awiri nthawi imeneyo. Kallis anali atangopuma December, Boucher kulibe, Kirsten wachoka, ndikuganiza anangoona kuti anzake onse apita

Bambo a Tadala: Ndipo December yomweyo anakana kuwina gemu ndi India ku Wanderers. Akufuna 458, afika 442 for 7, ma over atatu atsala, Philander ndi Steyn nkuyamba kutchinga, gemu kutha 450 for 7. Ma run 8 kuti aphwanye record ya dziko lonse. Anthu anawakuwiza pa bwalo lawo lomwe

Mdala wa ku Rosettenville: Ndinali pa bwalo tsiku limenelo ndipo ndinakuwiza nawo, mpaka lero ndimati akanapita nayo. Koma Morkel anali wovulala mwendo, wotsala anali Tahir amene bati sankaidziwa, ndipo anakawina ku Durban series nkutenga 1-0. Smith anati chisankho chinali cha awiri anali pa pitch. Kaya

Thoko_BT: nanga pano amapanga chani, ndi kochi?

Nankhoma CPT: Ayi sanakhalepo kochi. Anayamba za commentary, kenako December 2019 CSA ili pa mavuto aakulu anamutenga kukhala director of cricket mpaka March 2022. Pano ndi commissioner wa SA20, league ya T20 imene inayamba January 2023, matimu 6 onse eni ake ndi a IPL. Kunena zoona imeneyo waiyendetsa bwino, CSA inayesapo kawiri kuyambitsa league zinakanika, iyi mabwalo amadzaza, ku Newlands matikiti amatha, ana ndi azimayi ambiri. Ma connection ake a ku India anathandiza, paja anali mu Rajasthan Royals ya Warne imene inawina IPL yoyamba 2008

Bambo a Tadala: Ndiye apa pali nkhani. Munthu amene mukuti ndi ngwazi ya Test ndi yemweyo league yake inapangitsa kuti South Africa itumize timu ya anthu osadziwika ku New Zealand February 2024, kaputeni Neil Brand akusewera Test yake yoyamba, nkukaluza 2-0, koyamba kuluza series kwa New Zealand. Osewera enieni ali busy ndi SA20

Mphatso Leeds: Ndalama bambo. Popanda SA20 CSA ikanalipira ndi chani osewerawo? Ndipo South Africa yomweyo ndi imene inakawina WTC, chikho cha dziko lonse cha Test, pa Lord's June 2025, Bavuma akutsimphina ndi hamstring, Markram 136

Bambo a Tadala: Ndiye kuti chikho cha ICC chabwera ndi Bavuma, Smith zaka 11 sanabweretse

Mdala wa ku Rosettenville: Nthawi yake WTC kunalibe, ndodo ya nambala 1 ndi imene inalipo ndipo anaitenga. Komanso mwandithawitsa pa mfundo yanga nonsenu, ine ndinati tikambe za bati, mwabwereranso ku ukaputeni, zomwe ndimadandaula zija. Bambo a Tadala ndiyankheni chimodzi, Test ili pa innings yachinayi, mukufuna 300, moyo wanu uli pamenepo, mutumiza ndani kukatsegula pakati pa Hayden, Sehwag, Cook ndi Smith

Bambo a Tadala: Sehwag. Anamenya 319 pamaso pa Smith yemweyo ku Chennai

Nankhoma CPT: imeneyo sinali innings yachinayi, pitch inali msewu, ndipo gemu yotsatira ku Ahmedabad India yonse 76 isanakwane lunch kkkk yankhani funso

Bambo a Tadala: Ndili pa minibasi network ikuvuta, ndiyankha ndikafika

Yamikani LL: network yake yomwe ikutumiza message iyi bwinobwino 😂

Thoko_BT: wina anditumizire link ya Sydney ija chonde, ndikusaka ndikungopeza ya 438